Filimu yoseketsa ya ozembetsa mowa ku America: tiyambire pati opanda ndalama?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa wophunzira wina wa chaka chomaliza. Iye ndi anzake asanu apatsidwa ntchito yojambula filimu ya mphindi 15. Agwirizana kuti ikhale yoseketsa, ndipo nkhani yake ikhale ya zigawenga zozembetsa mowa ku America m'zaka za m'ma 1920, nthawi imene boma linaletsa mowa. Kamera ali nayo imodzi yobwereka, ndalama n'zosonkherana, ndipo akufunsa kuti: "Al Capone timupeza bwanji, galimoto zakale ndi mfuti zija tizitenga kuti, ndipo tingaseketse bwanji anthu ndi nkhani ya kuphana?"

Mphwanga, yankho langa loyamba likukhumudwitsani pang'ono. Capone, mkulu wa zigawenga za mowa ku Chicago uja, musiyeni. Munthu amene anthu amamukumbukira chifukwa cha amuna 7 amene anaomberedwa m'galaja ku Chicago pa 14 February 1929 si wophweka kumusandutsa nthabwala, ndipo kuti aoneke ngati Capone pamafunika masuti odula, galimoto zingapo ndi msewu wonse wa mzinda. Mukayesa ndi ndalama zosonkherana, anthu aseka ndithu, koma aseka inu. Chokhacho chomwe chimandiseketsa pa moyo wake ndi mmene anagwera. Mu 1931 khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka 11 chifukwa chozemba msonkho. Mlandu wa kupha sanamupeze nawo.

Nthabwala zenizeni za nthawi imeneyo zili m'lamulo lenilenilo. Kuyambira pa 17 January 1920 mpaka pa 5 December 1933, malamulo a dzikolo ankaletsa kupanga, kugulitsa ndi kunyamula mowa. Kumwa sikunali mlandu. Munthu wachuma amene anadzaza chipinda chake ndi mabotolo lamulo lisanayambe ankamwa mosaopa aliyense. Ndiye lamulo la Volstead, lomwe linafotokoza mmene chiletsocho chiziyendera, linasiya mipata yoti ngolo n'kudutsa. Dokotala ankaloledwa kulembera wodwala kachasu wa whiskey ngati mankhwala, botolo laling'ono limodzi pa masiku 10, ndipo ankakagula kusitolo ya mankhwala. Ansembe ndi arabi (atsogoleri a chipembedzo cha Chiyuda) ankaloledwa vinyo wa mwambo wa chipembedzo, ndipo mwadzidzidzi kunabadwa atsogoleri a mapemphero amene nkhosa zawo zinali mayina a papepala basi. Loya wina wa ku Chicago, George Remus, atawerenga lamulolo bwinobwino, anasamukira ku Cincinnati, n'kugula mafakitale a whiskey pamodzi ndi makampani a mankhwala, kenako ankatuma anyamata ake kuti azibera katundu wake womwe panjira.

Chomwe ndimachikonda kuposa zonsezi ndi njerwa ya mphesa. Alimi a ku California ankagulitsa madzi a mphesa ouma, oumbidwa ngati njerwa, ndipo papaketi ankalembapo chenjezo loti wogula asasungunule njerwayo m'madzi n'kuisiya pamalo obisika kwa milungu ingapo, chifukwa isanduka vinyo. Taganizani wogulitsa atavala tayi, nkhope ili gwa, akuwerengera gogo chenjezo limenelo pang'onopang'ono, gogoyo akulemba pakapepala, n'kufunsa kuti, "Mwati masiku angati amene sindiyenera kudikira?" Pamenepo mwapeza mphindi ziwiri za filimu yanu. Zofunika ndi tebulo, bokosi la katoni ndi anthu awiri odziwa kusunga nkhope.

Ngati mukufunabe munthu weniweni wa m'mbiri woti mutengerepo khalidwe, onani mbali ya boma. Ku New York kunali apolisi awiri a chiletso, Izzy Einstein ndi Moe Smith. Izzy anali wamfupi, wonenepa, poyamba ankagwira ntchito kupositi, ndipo palibe ankamuganizira kuti ndi wapolisi. Ankadzisintha kukhala wokumba manda, wogulitsa nsomba, woimba, chilichonse chimene chingamulowetse m'bala zobisika zimene ankazitcha speakeasy. M'thumba la jekete ankabisamo kafanulo kolumikizidwa ku kabotolo, kuti akagula tambula athiremo mowawo ukhale umboni kukhoti. Awiriwa anamanga anthu pafupifupi 5,000, ndipo mu 1925 anawachotsa ntchito, mwa zina chifukwa mabwana awo sankakondwa kuti nyuzipepala zimangolemba za iwo. Ku Washington nakonso kunali George Cassiday, wodziwika ndi chipewa chake chobiriwira, amene kwa zaka 10 ankaperekera mowa kwa aphungu omwe ankavotera chiletsocho, mpaka mu 1930 anaulula zonse m'nyuzipepala ya Washington Post.

Musawakopere anthu amenewa dzina ndi dzina. Pangani anu. Ine ndikanakhala m'gulu lanu ndikanalemba za sitolo ya mankhwala yaing'ono, mwini wake wamantha amene ali ndi ngongole, mkazi wake amene ndiye mutu weniweni wa bizinesi, dokotala wa pakhomo loyandikana amene amapeza matenda pa aliyense wolowa, ndi mlendo wonenepa amene wabwera katatu tsiku limodzi, nthawi iliyonse atavala zosiyana. Chigawenga chachikulu chisaoneke n'komwe. Chizingoimba foni, ndipo foni ikalira onse aziuma. Oonera amaopa kwambiri munthu amene sanamuone, ndipo simumugulira suti.

Zimenezi zikuyankhanso funso la galimoto. Ford Model T simuipeza, ndipo mukaipeza mwini wake sakubwerekani. Khalani m'chipinda chimodzi, kapena ziwiri, kutsogolo kwa sitolo ndi kuseri. Galimoto imveke kunja, kuwala kwa nyali zake kudutse pakatani, wina asuzumire pawindo n'kunena kuti afika. Basi.

Ndalama zochepa zomwe muli nazo zipite ku zipewa, tsitsi ndi mawu. Zaka zimenezo mwamuna sankayenda mutu uli pamtunda, ndipo chipewa chinkasonyeza kuti ndi ndani. Wantchito wamba ankavala kapu yafulati ya nsalu, bwana ankavala chipewa cha mlomo. Akazi achitsikana ankadula tsitsi lalifupi n'kuvala kachipewa kothina kofika m'maso. Pakaunjika mupeza jekete, mawesikoti ndi malamba a m'mapewa. Pewani jekete za mapewa otukumuka za m'ma 1980 ndi nsalu zonyezimira, kamera imaziulula msanga. Whiskey ndi tiyi wozizira wopanda mkaka. Mabotolo muwachotse mapepala n'kumata anu. Ngati nkhani yanu ili ndi potchezera mowa kuseri, simukusowa katswiri wochokera kutali, chifukwa mgolo, paipi ndi madzi oziziritsira zimene ankagwiritsa ntchito otcheza mobisa ku America n'zofanana ndi zimene amatchezera kachasu kwathu kuno. Konzani chongoonetsa, musayatse moto.

Mdani wanu wamkulu ndi zinthu zazing'ono za lero. Ndinathandizapo kujambula sewero la nthawi yakale m'nyumba ina yobwereka. Tinatha tsiku lonse, tikusangalala, ndipo pokonza pakompyuta m'pamene tinaona kuti kuseri kwa mutu wa mtsikana wathu kunali soketi yoyera ili ndi chaja cha foni, ndipo pamawu ake omvetsa chisoni aja pankamveka njinga yamoto ya kabaza ikuliza hutala. Tinabwerezanso zonse. Musankhe munthu mmodzi ntchito yake ikhale yoyang'ana pakona iliyonse ya chithunzi musanayambe: mawotchi a m'manja, mipando ya pulasitiki, mababu oyera, zipi zoonekera. Ndipo maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa. Nthabwala imene sinamveke bwino yafa.

Ena akuuzani kuti muijambule yakuda ndi yoyera. Ndikugwirizana nawo, chifukwa zimabisa mitundu yolakwika ya makoma ndi zovala, koma muganize zimenezi musanajambule, kuti muziunika ndi nyali imodzi yamphamvu kuchokera pambali. Kungochotsa mitundu pamapeto kumatulutsa chithunzi chotuwa ngati phulusa. Mukhozanso kupita patali n'kuipanga yopanda mawu, yokhala ndi timawu tolembedwa pakati, popeza mafilimu olankhula anayamba kufala cha mu 1927. Zimenezi zimathetsa vuto la kalankhulidwe. Ngati mukufuna azilankhula, musawakakamize kutsanzira Chingerezi cha ku Chicago, chifukwa palibe chotopetsa ngati wosewera amene akulimbana ndi lilime m'malo moseketsa. Alankhule chinenero chimene amaseka nacho. Oonera akaona zipewa ndi kalendala ya 1926 pakhoma avomereza.

Pa nyimbo, samalani. Zojambulidwa 1923 isanafike zilibenso mwini ku America, koma malamulo a umwini amasiyana dziko ndi dziko, ndipo mipikisano ya mafilimu imafunsa mapepala. Chophweka n'kupeza mnzanu woimba piyano kapena lipenga akupekereni kanyimbo kanu.

Za mfuti ndinena mwachidule. Imodzi ya chidole ikwana, ndipo ingakhale yoseketsa kwambiri ngati mwini wake sadziwa kuigwira. Musatuluke nayo pamsewu musanadziwitse apolisi ndi eni malo, chifukwa wodutsa sadziwa kuti ndi sewero.

Funso lanu lomaliza, la kuseka pa nkhani ya imfa, ndi limene ndalilingalira nthawi yaitali. Chiletso chija chinapha anthu ambiri, ndipo ambiri mwa iwo sanafe ndi zipolopolo. Mowa wa m'mafakitale unkathiridwa poizoni mwa lamulo la boma kuti usamwedwe, ozembetsa ankauba n'kuugulitsa, ndipo amene ankafa kapena kuchita khungu anali osauka. Mu 1930 anthu masauzande anapuwala miyendo atamwa mankhwala a Jamaica ginger osakanizidwa ndi zoipa. Amenewo musawaseke. Sekani phungu wovotera chiletso botolo lili m'thumba, dokotala, wapolisi wolandira chiphuphu, ndi mwini sitolo wanu wamantha uja. Ndipo penapake chapakati, mulole kasitomala mmodzi wa masiku onse asabwere, mpando wake ukhale wopanda munthu, wina afunse za iye, ena asayankhe. Masekondi 10 akwana, kenako foni ilire.

Lembani masamba osapitirira 12, muwawerengere anthu amene si anzanu, ndipo pamene sanaseke mudule. Mukamaliza kulemba munditumizire, makamaka gawo la gogo ndi njerwa ya mphesa, ndione ngati mwamupatsa pensulo.