Ndinangowasungira njinga, kodi ndalakwa?

Mnyamata wina wa kabaza ku Chinamwali wandilembera imelo. Akuti anthu anagwira munthu amene ankamuganizira kuti waba foni, anzake a pasiteji n'kuthamangirako kukamumenya, iye n'kutsala akuwasungira njinga. "Sindinaponye mwala ngakhale umodzi," akutero. "Nanga tulo ndikusowanji? Ndipo tsiku lina ndikadzakana, adzati ndimadya naye wakubayo."

Achimwene, yankho lanu lili m'buku la Machitidwe, ndipo si lokoma. Tsiku limene Stefano ankagendedwa panali mnyamata wina, Saulo, amene anagwira ntchito ngati yanuyi. Ogendawo anavula malaya kuti mikono imasuke n'kuwasiya pa mapazi ake (Machitidwe 7:58). Patapita zaka, ali Paulo, sanadzitchinjirize kuti iye sanagende. Pa Machitidwe 22:20 akuulula yekha kuti anaima pomwepo, anavomereza, ndipo anasunga zovala za akuphawo. Munthu sangamenye mnzake momasuka mtima uli pa njinga yake. Inu munawachotsera nkhawa imeneyo, n'chifukwa chake tulo tathawa.

Komatu sindikulankhula ngati wosadziwa za pasiteji. Anzanuwo ndi amene amakubwerekani pampu, ndi amene amasonkha mwana akagonekedwa ku chipatala chachikulu cha Zomba. Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma manja omwewo osenza denga amathanso kusenza tayala ndi petulo. Eksodo 23:2 akuletsa kutsata unyinji wa anthu pochita choipa, ndipo vesi lomwelo likunenanso za kukhotetsa mlandu potsata khamu. Mfuu yakuti "wakubaaa!" si umboni. Munthu wosungirana naye chidani akhoza kukufuulirani inuyo mawa mumsika, ndipo sipadzakhala wofunsa. Ngakhale malamulo aakulu a dziko lino, pa gawo 42, amati woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa.

Zoti adzakunenani, mwina adzanenadi. Koma musadikire tsiku la chipwirikiti, chifukwa pamenepo makutu amakhala atatsekeka. Muyambitse nkhaniyi tsiku la phee mukudikira makasitomala, ndipo mudzadabwa kuti si inu nokha amene zinakunyansani. Mupezepo awiri. Aja anakana kugwadira fano pa Danieli 3 anali atatu.

Ine amene ndimamukonda pa nkhani zotere ndi Rubeni, pa Genesis 37. Sanalalikire abale ake ali ndi ukali. Anangoti Yosefe asaphedwe, aponyedwe m'dzenje, n'cholinga choti adzamupulumutse pambuyo pake. Mawu anu a Rubeni ndi akuti "tiyeni naye kupolisi", ndipo njinga yomunyamulira muli nayo kale.

Chinthu chimodzi simunandiuze: munthu uja ali moyo? Mufufuze. Ngati ali m'chipatala, mukamuzonde, kenako mundilemberenso.