Tramadol wa zaka zitatu: yankho kwa mayi amene akudera nkhawa amuna awo

Mayi wina wandilembera kufunsa ngati n'kwabwino kuti amuna awo, amene akhala akumwa mankhwala opha ululu a tramadol kwa zaka zitatu chifukwa cha msana, apitirize kutero.

Mayi, funso lanuli landikhudza chifukwa ndinazionera ndekha pa malume anga, amene mawondo anawatembenukira atangopuma pa ntchito. Poyamba m'bulu umodzi unkawagoneka mpaka m'mawa, koma m'kupita kwa nthawi anayamba kumwa iwiri ululu uli pomwepo. Mankhwalawo ankawasunga m'thumba la jekete yopitira kutchalitchi, ndipo akawathera ankasowa mtendere, thukuta lili kamukamu, akungoyasamula, pomwe kudzimbidwa kunali kwa tsiku ndi tsiku. Iwo ankati nyamakazi ikukula, chonsecho thupi ndilo linali litazolowera. Umu ndi mmene mankhwala a gulu la opioid, monga morphine, codeine ndi tramadol, amachitira: mlingo wakale umaleka kukwanira, ndipo mwa anthu ena amachititsa kuti thupi lizimva ululu msanga kuposa kale.

Mu 2018, magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kafukufuku wa Dr Erin Krebs ndi anzake a mumzinda wa Minneapolis ku America, amene anatsatira odwala 240 a msana, mawondo kapena chiuno kwa miyezi 12. Amene ankamwa opioid sanapose anzawo amene ankamwa mankhwala wamba monga paracetamol pa kutha kuyenda ndi kugwira ntchito, koma ndiwo anakumana ndi zovuta zambiri zobwera ndi mankhwala. Ndiye munthu avutikirenji zaka zonsezo? Chikhulupiriro chakuti mankhwala a opioid ndi otetezeka kuwamwa nthawi yaitali chinakula ndi malonda: kampani ya Purdue Pharma inayamba kugulitsa mankhwala a opioid otchedwa OxyContin ku America mu 1996, ndipo mu 2007 inavomera mlandu wonamiza anthu za kuopsa kwake. Sindikunena za odwala khansa, amene morphine amafunikadi ndipo kuwamana ndi nkhanza. Koma kwa msana wa zaka ndi zaka, ine ndikukana kuti tramadol akhale chakudya cha tsiku lililonse.

Nanga muchite chiyani?

Bambowo asasiye mwadzidzidzi, chifukwa kutero kumadwalitsa ndipo n'koopsa. Apite kwa dokotala kuti awachepetsere mlingo pang'onopang'ono. Malangizo a 2022 a CDC, bungwe la zaumoyo la boma la America, amanena kuti kwa munthu amene wamwa kwa chaka kapena kupitirira, kuchotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi pa mwezi kumapiririka bwino. Pakadali pano asaphatikize ndi mowa kapena mankhwala ogonetsa a diazepam, chifukwa kupuma kumatha kuima ali m'tulo, ndipo asadziwonjezere mlingo, poti tramadol wochuluka amagwetsa munthu ngati wa khunyu. Akafunsenso za mafizo, ndiponso ngati impso ndi m'mimba mwawo zingalole ibuprofen.