Huey Long: mpulumutsi wa amphawi kapena wolamulira wankhanza?

Mayi wina, mphunzitsi wa kupulayimale, wandilembera imelo. Akuti anamva za bwanamkubwa wa chigawo cha Louisiana ku America, Huey Long, amene ankagawira ana mabuku aulere, koma ena amamutcha wankhanza. Akufunsa kuti zoona ndi ziti.

Mayi, zonse ziwirizo n'zoona, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya munthu ameneyu imandikhudza mtima kwambiri.

Long anabadwa mu 1893 ku Winnfield, kumpoto kwa Louisiana, dera la alimi osauka. Ali mnyamata ankayenda khomo ndi khomo kugulitsa mafuta ophikira otchedwa Cottolene, ndipo anthu akumudzi anawadziwira pamakomo pawo pomwepo. Anakhala loya mu 1915. Mu 1924 anagwa pachisankho cha ubwanamkubwa, koma mu 1928 anapambana.

Poti ndinu mphunzitsi, tiyambe ndi mabukuwo. Nthawi imeneyo makolo ankagula okha mabuku, ndiye mwana wa mlimi wopanda ndalama ankangokhala pakhomo. Long anati boma ligule, ndalama zake zichokere pamsonkho wa mafuta ndi chuma china cha pansi pa nthaka. Panali chopinga: kum'mwera kwa Louisiana ana ambiri ankaphunzira m'sukulu za Katolika, zomwe boma silinkaloledwa kuzithandiza ndi ndalama. Iye anayankha kuti bukulo sakupatsa sukulu, akupatsa mwana. Mlandu unakafika kukhothi lalikulu la dziko lonse, ndipo mu 1930 oweruza anavomerezana naye. Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene mwana amagwirira buku loyamba lomwe ndi lakelake, kulinunkhiza, kulikuta ndi pepala. Zimenezo sindingazipeputse.

Misewu nayonso anamanga yambirimbiri, pamodzi ndi milatho, m'dera lomwe mvula ikagwa galimoto zinkatitimira m'matope.

Zinthu zinatembenuka mu 1929. Long anafuna msonkho wa masenti 5 pa mgolo uliwonse wa mafuta oyengedwa, ndipo kampani ya Standard Oil inakwiya. Aphungu anayamba zomuchotsa pampando. Anapulumuka chifukwa masenata 15 a nyumba ya malamulo ya Louisiana anasaina chikalata chonena kuti zivute zitani sadzavota zomuchotsa. Kuchokera pamenepo anasanduka wobwezera. Abale a aphungu omutsutsa anachotsedwa ntchito m'boma. Ogwira ntchito m'boma ankadulidwa gawo la malipiro awo kuti lipite m'thumba la ndale la Long. Atapita ku Washington ngati senata mu 1932, mpando wa bwanamkubwa unadzapita kwa mnzake O.K. Allen patapita miyezi ingapo, koma wolamula weniweni anali Long yemweyo. Mu 1934 anaika msonkho pa nyuzipepala zikuluzikulu zomwe zinkamudzudzula, msonkho umene khothi lalikulu linadzauthetsa mu 1936.

Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi omukonda. Amati pomenyana ndi makampani amphamvu chotere sakanachitira mwina. Ine ndikukana. Mabuku aja aphungu anawavomereza mu 1928, kubwezera konseku kusanafike pachimake. Kalaliki wolandira pang'ono amene ankadulidwa malipiro analinso mmphawi. Ndipo ngakhale msonkho wolipira povota unathetsedwa mu 1934, anthu akuda ambiri anakhalabe otsekeredwa kunja kwa chisankho.

Chaka chomwecho Long anayambitsa gulu la Share Our Wealth, lofuna kuika malire pa chuma cha olemera, ndipo ambiri ankayembekeza kuti alimbirana upulezidenti ndi Franklin Roosevelt, amene anali pulezidenti wa America nthawi imeneyo. Sizinafike kumeneko. Pa 8 Seputembala 1935, m'nyumba ya malamulo imene iye mwini anamangitsa ku Baton Rouge, likulu la Louisiana, aphungu anali kukambirana lamulo losintha malire a dera la woweruza Benjamin Pavy kuti achoke pampando. Mkamwini wa woweruzayo, dokotala Carl Weiss, anakumana ndi Long m'khonde, ndipo mfuti zinalira. Alonda anapha Weiss pomwepo. Long, amene chipolopolo chinamulasa, anamwalira patapita masiku awiri, ali ndi zaka 42.