Liwiro la kumanzere silikhala laling'ono nthawi zonse

Achimwene, funso lanu likufuna mtunda wochepetsetsa ndi wochulukitsitsa womwe minibasi yonyamuka pa Katoto ingakhale itayenda m'masekondi 50, potengera tebulo la liwiro lake. Tebulolo musalikhudze musanasinthe mayunitsi. Liwiro lili mu km/h, nthawi ili m'masekondi, ndiye gawani liwiro lililonse ndi 3.6. Manambala anu aja, 0, 18, 36, 45, 54, 18, asanduka 0, 5, 10, 12.5, 15, 5 m/s, ndipo akutalikirana masekondi 10.

Masekondi 40 oyamba ndi ophweka chifukwa galimoto ikungowonjezera liwiro. Lower bound, mtunda wochepetsetsa, potenga liwiro la kumanzere (koyambira) kwa chigawo chilichonse cha masekondi 10: (0 + 5 + 10 + 12.5) × 10, mamita 275. Upper bound, mtunda wochulukitsitsa, potenga la kumanja (kothera): (5 + 10 + 12.5 + 15) × 10, mamita 425.

Pogwera anthu ndi pa chigawo chomaliza, kuchokera pa 40 kufika pa 50. Dalaivala waponda mabuleki, mwina waona apolisi apamsewu, liwiro latsika kuchoka pa 15 kufika pa 5. Amene analoweza zoti "kumanzere lower, kumanja upper" amatenga 15 n'kumuika mu lower, 5 mu upper, osakayika n'komwe. Amapeza 425 ndi 475, n'kumasangalala kuti mpata wachepa. Wachepa chifukwa masamuwo awonongeka! Apa laling'ono ndi 5, mamita 50, lalikulu ndi 15, mamita 150. Zonse pamodzi lower ndi 325, upper ndi 575.

Chimandipsetsa mtima ndi aphunzitsi ena a pateni. Ndalama amalandira mwezi uliwonse, koma zitsanzo zawo zonse galimoto imangothamangirathamangira, siima. Ndi minibasi iti ya ku Ekwendeni imayenda choncho? Mwana akalakwa pamayeso amati sanawerenge.

China chomwe satchula: malirewa amagwira ngati liwiro silinakwere n'kutsikanso, kapena kutsika n'kukweranso, pakati pa manambala awiri oyandikana. Minibasi ikaima kunyamula munthu pakati pa sekondi 20 ndi 30, lower wanu uja ndi wabodza, ndipo tebulo silingakuuzeni.

Mukafuna mpata wochepa, werengani liwiro pafupipafupi. Pa chigawo chokwera chija mpata ndi (15 − 0) × 10, mamita 150. Mukamawerenga masekondi 2 alionse utsika kufika mamita 30.

Komabe m'mayeso musataye nthawi ndi zoima minibasizi. Funso likanena kuti liwiro likungokwera, tengani kumanzere ndi kumanja komweko mupite pa funso lina. Akafuna yankho limodzi, phatikizani 325 ndi 575 mugawe pawiri, mamita 450.