Mafunso Anu: Dzina loti Esther ndi la fano zoona?

FUNSO: Achemwali, mwana wanga wachira mwezi wathawu, kabwera ndi kamtsikana, ndiye monga gogo andipatsa ulemu woti nditchule dzina. Ine ndati akhale Esther, dzina la malemu mayi anga. Koma alamu anga ena opemphera kwambiri akuti ayi, dzina limeneli linachokera kwa fano la ku Babulo ndipo mwana adzakula ndi mizimu yoyipa, akuti anazimva pa gulu la WhatsApp la kutchalitchi kwawo. Panopa pakhomo pavuta, mwana akungotchedwa bebi. Tandiuzeni, dzinali limatanthauza chani kwenikweni? Agogo a ku Ntcheu.

YANKHO: Agogo, poyamba tithokoze kuti mayi ndi mwana ali bwino. Alamu anuwo sanapeke nkhani yonse ayi, pali kachidutswa koona ndithu, kungoti anakatenga n'kuthamanga nako osadikira kumva zotsala.

Tsegulani Baibulo pa Estere chaputala 2 vesi 7. Mupeza kuti mtsikanayu anali ndi mayina awiri. La kwawo la Chiheberi linali Hadasa, lochokera ku mawu oti hadas, kamtengo kobiriwira chaka chonse ka masamba onunkhira, kamene Baibulo lathu limakatchula kuti mchisu. Kamtengo komweka kali pa Yesaya 55:13 pamene akuti kadzamera m'malo mwa zomera zolasa, ndipo mpaka lero Ayuda amanyamula nthambi zake pa chikondwerero cha misasa. Hadasayo anali wamasiye, bambo ake anali Abihaili, ndipo anamulera ndi Moredekai msuweni wake, ku Susa likulu la ufumu wa Perisiya, kumene lero ndi dziko la Iran. Mfumu imene inadzamukwatira inali Ahaswero, amene akatswiri ambiri amati ndi Xerxes woyamba uja analamulira kuyambira 486 mpaka 465 Yesu asanabadwe.

Dzina lachiwiri, Estere, ndi limene lakuyambanitsani, ndipo si la Chiheberi. Baibulo silinena kuti anamupatsa ndani kapena liti, limangoti Hadasa ndiye Estere basi. Ofufuza zinenero ali pawiri. Ena amati linachokera ku mawu a Chiperisiya otanthauza nyenyezi, ndipo mpaka pano ku Iran nyenyezi amati setareh, mukamvetsera bwino zikufanana. Ena amati linachokera kwa Ishtar, mulungu wamkazi wa Ababulo wa chikondi ndi nkhondo, amene ankamuyerekeza ndi nthanda, nyenyezi yowala m'bandakucha ija. Apa ndi pamene alamu anu agwira. Ndipo a mbali imeneyi ali ndi mfundo yolemera chifukwa dzina la Moredekai nalonso likumveka kuti linachokera kwa Marduk, mulungu wamkulu wa mzinda wa Babulo, ndiye mayina awiriwa akakhala moyandikana m'buku limodzi munthu sungangoti zangochitika.

Ine ndimapendekera ku nyenyezi, poti nyumba yachifumu imene analowamo inali ya Aperisiya osati Ababulo. Koma tiyeni tingoyerekeza kuti alamu anu alondola zonse, dzinalo ndi la Ishtar ndithu. Ndiye chani? Ayuda amene anali ku ukapolo mayina achilendo anali nawo ambirimbiri ndipo sanawasandutse opembedza mafano. Danieli anamutcha Belitesazara, ndipo pa Danieli 4:8 Nebukadinezara akunena yekha ndi pakamwa pake kuti dzinalo analitenga ku dzina la mulungu wake, koma Danieli yemweyo ndi amene anakalowa m'dzenje la mikango chifukwa chokana kusiya kupemphera. Sadrake, Mesake ndi Abedinego timawaimba mu kwaya Lamulungu lililonse, mayina amenewo anapatsidwa ku Babulo komweko, awo enieni anali Hananiya, Misaeli ndi Azariya. Ku Chipangano Chatsopano nkhani ndi yomweyo, Epafrodito amene Paulo akumutcha m'bale ndi msilikali mnzake pa Afilipi 2:25 dzina lake linachokera kwa Aphrodite mulungu wamkazi wa Agiriki, pa Aroma 16:14 pali wina dzina lake Herme, dzina la mulungu wa Agirikinso, ndipo palibe pamene Paulo anati asinthe kaye mayina asanalowe mumpingo. Alamu anuwo muwafunse mwaulemu ngati Sadrakenso anali ndi mizimu.

Pali kufotokoza kwachitatu kumene ineyo kumandisangalatsa kuposa kwina konse ngakhale sikochokera kwa akatswiri a zinenero. Aphunzitsi akale a Chiyuda, mu Talmud, mabuku a ziphunzitso zawo, anaona kuti dzina la Estere likumveka ngati mawu a Chiheberi otanthauza kubisa, ndiye analilumikiza ndi Deuteronomo 31:18 pamene Mulungu akuti adzabisa nkhope yake. Ndipo mukaliwerenga bukulo kubisa kuli paliponse. Moredekai anamuuza Estere kuti asaulule mtundu wake, zili pa 2:10 komanso 2:20, mfumu inakwatira Myuda osadziwa, Hamani, nduna yaikulu ya mfumu, anakonza chiwembu chopha Ayuda onse m'zigawo 127 za ufumuwo osadziwa kuti mkazi wa mfumu ndi mmodzi wa iwo. Kuwonjezera apo, m'malemba a Chiheberi a buku lonse la Estere dzina la Mulungu silitchulidwa olo kamodzi, mutha kufufuza nokha machaputala onse 10. Ndiye dzina lachilendolo linali chophimba chake, ndipo tsiku limene anavula chophimbacho pa phwando pamaso pa mfumu ndi Hamani ndi limene chipulumutso cha anthu ake chinayambira. Ayuda amakumbukira zimenezi chaka ndi chaka pa chikondwerero cha Purimu, pa 14 ndi 15 mwezi wawo wa Adara, amawerenga buku lonse mokweza ndipo dzina la Hamani likatchulidwa ana amachita phokoso kuti lisamveke. La Estere salichitira phokoso, amatcha nalo ana awo aakazi mpaka lero, anthu amene nkhani ya mafano saseka nayo m'pang'ono pomwe.

Ndiye agogo, mutcheni mwanayo Esther mtima uli m'malo. Ngati alamu akanabe ndipo simukufuna kuti chibale chithe chifukwa cha dzina, mupatseni onse awiri, Hadasa Esther, ngati mwini wake uja.

FUNSO: Ine dzina langa ena amalemba Esther, ena Ester, kumudzi amati Esitere. Lolondola ndi liti? Mtsikana wa ku Mzuzu.

YANKHO: Onsewo ndi dzina limodzi mng'ono wanga. Esther ndi kalembedwe ka m'Baibulo la Chingerezi, Ester amalemba choncho a Chipwitikizi ndiye abale athu a ku Tete mudzawaona akulemba lopanda h, Estere ndi mmene lilili m'Baibulo lathu poti lilime lathu silikonda kuthera mawu pa r. Ku Ulaya kulinso Hester, ndi lomwelo. Chofunika n'choti musankhe kalembedwe kamodzi ndipo kakhale komweko pa chiphaso cha kubadwa, pa satifiketi ya sukulu, pa chitupa cha unzika ndi pa pasipoti, chifukwa h mmodzi yekhayo akasowa pa pepala limodzi mudzayenda maulendo ambiri kukalumbira kuti Ester ndi Esther ndi munthu mmodzi.