Bodi yanu sinafe, Aphiri

Aphiri, ndawerenga uthenga wanu woti Blue Pill, kabodi kokhala ndi chip cha STM32F103 kamene mukupangira makina othirira dimba ku Katete, inalandira pulogalamu kamodzi kokha, ndipo tsopano ST-LINK, chipangizo choikira pulogalamu mu chip kuchokera pa kompyuta, ikungokana kuti siikuona chip. Musathamangire kuitanitsa ina pa basi ya ku Lusaka. Mwachidziwikire bodiyo ili moyo, ndi pulogalamu yanu yomwe yatseka khomo limene ST-LINK imalowera.

ST-LINK imalankhula ndi STM32F103 kudzera pa mapini awiri, PA13 ndi PA14, omwe ndi SWDIO ndi SWCLK; njira imeneyi imatchedwa SWD. Mu CubeMX, pulogalamu ya pa kompyuta yosankhira ntchito za mapini, mukasiya Debug pa "No Debug" pansi pa SYS, pulogalamu ikangodzuka imazimitsa mapini amenewa. N'chifukwa chake ulendo woyamba zinalowa bwinobwino, wachiwiri ayi. Inenso zinandigwira kuno ku Chipata, ndinataya Loweruka lathunthu ndikusinthasintha mawaya osalakwa.

Chitani izi. Chotsani magetsi, samutsani kajampa ka BOOT0 kuchoka pa 0 kupita pa 1, BOOT1 ikhalebe pa 0, kenako lumikizani. Chip chidzadzukira mu bootloader, kapulogalamu koyambira ka ku fakitale, m'malo mwa pulogalamu yanu ya pa 0x08000000, ndipo mapini aja adzakhala otseguka. Mu STM32CubeProgrammer, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera ndi kufufutira chip, fufutani chip chonse, sankhani "Serial Wire" mu CubeMX, ikani pulogalamu yatsopano. Mukatha, bwezani kajampa pa 0 ndi kudina reset. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Mukaiwala, zinthu zidzaoneka ngati zikuyenda pa tebulo, koma magetsi akangothima ndi kubweranso, bodi idzadzukira mu bootloader ndipo pampu idzakhala phee, tomato n'kumafota.

Ena m'gulu muno akuuzani za "connect under reset", kutanthauza kulumikiza ST-LINK chip chili pa reset. Sakunama, koma pali msampha. Tima ST-LINK V2 totchipa tija, tokhala ngati flash disk, pini yake yolembedwa RST nthawi zambiri ndi ya ma chip ena otchedwa STM8, siigwira NRST, pini ya reset ya STM32. Ndiye chala chanu chigwire ntchitoyo: dinikizani batani la reset, dinani Connect pa kompyuta, kenako siyani batanilo. Mwina mudzayesa katatu kapena kanayi musanapeze nthawi yake.

Za firmware, pulogalamu ya mkati mwa ST-LINK yeniyeniyo, ine ndinganene kuti musaikhudze pokhapokha CubeProgrammer itakuuzani kuti ndi yakale. Vuto lanu silili pamenepo. Ngati mwaganiza zoikonzanso, chitirani pa laputopu yokhala ndi batire yodzaza, ndipo musazule chingwe pakati.

Tsiku limene mudzakhale ndi ndalama, gulani bodi yotchedwa Nucleo-F103RB. ST-LINK yake inamangidwira pa bodi pomwepo ndipo NRST imagwiradi ntchito. Mukachotsa timajampa tiwiri ta pa CN2, mutha kuigwiritsa ntchito kuikira pulogalamu mu Blue Pill kudzera pa CN4.

Chinanso, mawaya a SWD akhale afupi, GND ilumikizidwe mbali zonse, ndipo 5V isakhudze pini ya 3.3V. Poyesa, chotsani kaye relay, swichi yoyatsa ndi kuzimitsa pampu, chifukwa ikamadumpha imatha kugwetsa magetsi a bodi n'kuiyambitsanso yokha. Mukayesa BOOT0 mutiuze ngati yayankha.