Ndigule kaploti kotchipa kapena njinga yanga?

FUNSO: Amalume, ine ndimakhala ku Mtandire, nyumba ya lendi chipinda chimodzi, ine, madamu ndi ana atatu, toileti imodzi mabanja asanu, dzinja likafika denga kudontha koma alandilodi amangoti tiona. Ndimapanga kabaza ndi njinga yamoto ya abwana ena, madamu amagulitsa tomato. Pano tagawana ku banki mkhonde ndiye pali wina akugulitsa kaploti motchipa m'mbali mwa Lingadzi, akuti mapepala palibe koma amfumu akudziwa. Ndigule, kapena ndionjezere ndigule njinga yangayanga? Lendi yanditopetsa.
Bambo wa ana atatu, Lilongwe

YANKHO: Achimwene, kutopa kwanuko ndikukumva, ana kugona pansi ponyowa si zoti munthu azolowere ayi. Koma ploti imeneyo isiyeni. Inuyo ndinu a ku Mtandire komweko, mukukumbuka February 2017 Lingadzi atasefukira, madzi kulowa m'nyumba za anthu, zina kugwa. Ku Blantyre mu March 2023 Cyclone Freddy anagumula phiri la Soche, matope kukwirira mabanja ku Chilobwe, dziko lonse anthu oposa 600 anamwalira. Ambiri amene anamanga m'malo amenewo ngozi ankaidziwa, kungoti mpomwe thumba lawo linafika. Malo akatchipa chonchi m'tauni pamakhala chifukwa, ndipo zoti amfumu akudziwa sizikuthandizani tsiku limene a khonsolo adzanene kuti musamuke, kapena pakadzatulukira wina amene anagulitsidwanso ploti yomweyo.

Ine ndikuti njinga kaye. Panopa mukangodzuka muli kale ndi ngongole ya abwana, mafuta ndi anu, zotsala ndi zimene mukupita nazo kunyumba ndiye ngakhale mutagula plotiyo mumanga ndi chani? Tayendani ku Chinsapo kaya Area 25 muone mafawundeshoni angati amera udzu, eni ake anathira mpamba onse mu njerwa geni nkufa, lendi akulipirabe mpaka lero.

Komanso ndalamazo musazisunge nthawi yaitali. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44%, amene ankasungira malata ndi simenti anapezeka ndalama yawo sikukwananso kugula zimene ankafuna. Ngati zikuperewera dikirani kugawana kwina kapena phatikizani ndi za madamu mutagwirizana bwinobwino, katapila yekha ayi chonde. Njingayo mulembetse, laisensi ndi inshuwalansi zikhalepo, apo ayi tsiku limodzi pa roadblock zonse zathera pomwepo.

Ikayamba kubweza, ija munkapereka kwa abwana muziika padera sabata ndi sabata, imeneyo ndiye ya ploti, pamtunda, ngakhale kutali ndi tauni poti mayendedwe muli nawo. Musanapereke ndalama kafunseni ku khonsolo kapena ku Lands ngati malowo ndi ololedwa kumangapo, ndipo pogula mulemberane pali mboni za mbali zonse.

Za dengalo, auzeni alandilodi mugule lata nokha adule pa lendi, mvula isanayambe.